Kwa Achinyamata a kwa Kachindamoto: Za Magazi ndi Mpweya

Ana anga ndi adzukulu anga a ku Mua, ku Golomoti, ku Mtakataka ndi midzi yonse yotsikira kunyanja, tchereni khutu. Ambiri mwa inu mudaphunzira kusukulu za mtima ndi mapapo, mudajambula m'kope ndi cholembera chofiira ndi chobiriwira, mayeso mudakhoza. Koma mukafika kunyumba n'kupeza mng'ono wanu ali gone pamphasa, akupuma mwabefu, zikhato zili mbuu, simuzindikira kuti zimene mudaloweza m'Chingerezi zija ndi zomwezi zili pamaso panuzi. Mumangoyang'ana akuluakulu akukambirana zopita kwa sing'anga. Ndicho chandilembetsa.

Yambirani pa mbuzi. Tsiku limene kwanu kudzaphedwe mbuzi, kaya pa chinkhoswe kaya pa sadaka, musadzathamangire kulimbirana chiwindi chootcha kapena kudikirira uwende. Mudzapemphe amene akusendawo akupatseni mtima ndi mapapo asanazilekanitse. Mapapo ndi ofewa, opepuka, mukawaponya m'beseni la madzi amayandama. Lowetsani phesi la papaya pakholingo n'kuuzira: mudzaona akufufuma, mukasiya akuphwa okha. Kenaka ng'ambani mtima ndi mpeni. Mudzapeza zipinda zinayi, ziwiri zopyapyala pamwamba, ziwiri zaminofu pansi. Tsinani khoma la chipinda chapansi cha kumanzere, mutsinenso la kumanja. La kumanzere n'lochindikala pafupifupi katatu. Mudzaonanso tizikopa toyera tomangidwa ndi tizingwe tolimba. Timeneto ndi titseko toletsa magazi kubwerera kumene achokera. Mtima uli m'chifuwa mwanumo udapangidwa chimodzimodzi.

Mbali ya kumanja imalandira magazi otopa, ofiira modera, ochokera m'thupi lonse, n'kuwakankhira kumapapo. Mapapo ali pafupi pomwepo, n'chifukwa chake khoma lake silifuna mphamvu zambiri. M'mapapomo kholingo lija lagawikana nthambi ndi tinthambi mpaka kuthera m'timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni, ndipo kathumba kalikonse n'kokutidwa ndi timitsempha topapatiza kwambiri moti maselo ofiira amadutsamo limodzilimodzi. Apo ndipo okosijeni amalowa m'magazi, mpweya woipa wa kaboni dayokisaidi n'kutuluka. Magazi aja, tsopano ali psuu, amabwerera kumbali ya kumanzere, imene imawatumiza kumutu, kuchiwindi, ku impso mpaka kuchala chakuphazi.

Amene mudalimako mpunga ku sikimu ya Bwanje simungavutike kumva. Madzi a mtsinje wa Namikokwe amalowa m'ngalande yaikulu, ngalandeyo imagawira zing'onozing'ono, izonso zimagawira timifuleni tofika pa munda wa munthu aliyense, ndipo kamfuleni kakatsekeka ndi matope, mpunga wa pamenepo umauma ngakhale ngalande yaikulu ili tho. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi a kusikimu akapita apita, pomwe magazi amabwerera. Amakwera kuchokera kumapazi kudzera m'mitsempha ina yokhala ndi titseko take, ndipo chimene chimawathandiza kukwera ndi minofu ya akatumba ikamafinya mitsemphayo poyenda. Munthu akaima nji nthawi yaitali padzuwa, monga amaimira a pa perete kusukulu ya apolisi ku Mtakataka, magazi amadikha m'miyendo, kumutu amaperewera, munthu n'kugwa chikomokere. Wotereyo musamukhazike tsonga kapena kumuthira madzi m'kamwa. Mugonekeni chagada pamthunzi, mumukweze miyendo, adzatsitsimuka.

Ikani zala ziwiri padzanja, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mphindi imodzi. Munthu wamkulu atapuma amapeza pakati pa 60 ndi 100. Magazi onse a m'thupi mwake ndi pafupifupi malita 5, ndipo mtima umawazunguliritsa onsewo pa mphindi imodzi yokha. Pa tsiku ndi malita oposa 7,000, kunena kwake ndowa 350 za malita 20, ndipo kanyama kameneka sikadziwa Sabata.

Musaganize kuti makolo athu okha ndiwo sankazidziwa izi. Kwa zaka zoposa 1,000 madokotala a ku Ulaya ankaphunzitsana kuti chiwindi chimapanga magazi atsopano kuchokera ku chakudya, thupi n'kumawamwa. Ibn al-Nafis, sing'anga wa ku Cairo, adalemba m'zaka za m'ma 1200 kuti magazi amadzera kumapapo pochoka mbali ina ya mtima kupita inzake, koma sadamveke patali. Mu 1628 William Harvey wa ku England adachita masamu ngati tachita pamwambapa, naona kuti palibe chiwindi chingapange magazi ochuluka chotero pa ola limodzi, choncho ayenera kukhala omwewo akungozungulira. Anzake ambiri adamutsutsa. Timitsempha tating'ono tolumikiza njira yopita ndi yobwerera iye sadatione n'komwe. Adadzationa Marcello Malpighi mu 1661 m'mapapo a chule. Inu mwazipeza zili m'buku la Fomu 3, zaulere.

Tsono pamene pagona nkhani yanga ndi apa. Madzi a m'magazi paokha sangasenze okosijeni wokwanira kusunga moyo ngakhale wa munthu wogona tulo. Amene amasenza ndi maselo ofiira. M'kati mwa selo lililonse mwadzaza chinthu chotchedwa himogulobini, ndipo thupi silingachipange popanda ayironi wochokera m'zakudya. Pa magawo 100 a okosijeni amene ali m'magazi, pafupifupi 98 amakhala atagwiridwa ndi himogulobini. Imamugwira m'mapapo momwe ali wochuluka, n'kukamusiya m'minofu momwe waperewera. Chodabwitsa n'chakuti mnofu umene ukugwira ntchito kwambiri, umene watentha ndi kutulutsa mpweya woipa wambiri, ndiwo umachititsa himogulobini kumasula okosijeni wochuluka. Mukamapalasa bwato, mikono ndiyo imalandira gawo lalikulu popanda wina woilamula. Pobwerera, mpweya woipa uja wambiri suyenda ngati mpweya ayi: pafupifupi magawo 70 pa 100 amasanduka bayikaboneti, mchere womwewo uli mu soda amene amayi anu amathira m'therere, n'kusungunuka m'madzi a m'magazi. Ukafika m'mapapo umasandukanso mpweya, inu n'kuupumira kunja.

Anyamata a kunyanja, imvani apa, inu okonda kupikisana kumira ndi inu omira kukakola ukonde wokodwa pamwala. Chimene chimakukakamizani kuvuuka kuti mupume si kutha kwa okosijeni, koma kuchuluka kwa mpweya woipa m'magazi. Ena mwa inu mudatulukira kuti mukapuma mofulumira kambirimbiri musanamire mumakhalitsa pansi. Zoona mumakhalitsa, chifukwa mwatulutsiratu mpweya umene ukadakuchenjezani. Okosijeni amatha inu osamva kanthu, mumakomokera pansi pa madzi, anzanu kumtunda akuombera m'manja kuti ndinu katswiri. Lekani masewera amenewo.

Poti wosenza mpweya ndi himogulobini, munthu amene magazi amuchepera amabanika ngakhale mapapo ake ali bwinobwino. Mwera ukhoza kumakuntha pakhonde, mwana ali pomwepo, koma mpweya wosafika m'ubongo mwake. Mtima umayesa kubweza pogunda mofulumira, mwana amapuma mothamanga, amakana kuyamwa, amangoti lefu. Munthu wamkulu wabwinobwino akayezedwa kuchipatala himogulobini yake imakhala 12 kapena 13 kupita m'mwamba. Mwana akatsika pansi pa 5, nthawi zambiri chomupulumutsa ndi kumuika magazi basi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti m'Malawi muno ana 63 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali ochepa magazi, ndiponso mayi mmodzi mwa atatu.

Kuyeza koyamba sikulira makina. Tengani dzanja la mwanayo, mulitambasule pafupi ndi lanu panja powala. Chikhato chabwino chimakhala chofiirira, mizere yake yooneka bwino. Cha wochepa magazi chimakhala chotuwa. Kokerani pansi chikope cham'munsi ndi chala: m'kati mwake muyenera kukhala mofiira, osati moyera. Onaninso lilime ndi zikhadabo. Mukapeza zoyera, mwana n'kumapuma movutika, imeneyo si nkhani yodikira kuti bambo abwere kuchokera kunyanja. Pezani njinga, mupite naye ku chipatala cha Mua kapena china chilichonse chili pafupi, ngakhale pakati pa usiku.

Nanga magaziwo amapita kuti? Kuno kuchigwa akuba ake timawadziwa ndi maina. Wamkulu ndi malungo. Kachilombo kamene udzudzu umalavulira m'thupi kamayamba kabisala m'chiwindi, kenaka kamalowa m'maselo ofiira, kuswana m'menemo, n'kuwaphulitsa pakatha masiku awiri alionse. Kapamba, poyesa kuchotsa maselo odwala, amawononga ndi abwino omwe, mpaka amatupa. Mudawaonapo ana otupa kumanzere kwa mimba. Selo lofiira limayenera kukhala masiku 120 lisanalowedwe m'malo ndi lina lopangidwa m'mafuta a m'mafupa, koma malungo akabwerezabwereza mafupa sangathe kubweza msanga zimene zikuwonongeka. Ndiye ndikaona masikito aulere aja atasokedwa kukhala ukonde wokokolera tiana ta nsomba, kapena atatchinga nazale ya tomato, mtima umandiwawa. Tomato watetezedwa ku nkhuku, mwana wagona pamtetete. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo, ndipo akakupatsani mankhwala a LA mumalize masiku atatu onse, osasungako wina kuti adzathandize mawa.

Wachiwiri ndi likodzo. Ndikudziwa kuti m'magulu a anyamata mumanyadirana kuti kukodza magazi ndiko kukula. Bodza limenelo lapweteka ambiri. Tizilombo ta likodzo timachokera m'nkhono za m'madzi odikha, m'mabango a m'mbali mwa nyanja ndi m'minda ya mpunga. Timaboola khungu pamene mukusamba, kuchapa kapena kuwokera, timakula kukhala nyongolotsi zokhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndiwo amang'amba chikhodzodzocho potuluka. Timadontho ta kumapeto kwa mkodzo timaoneka tochepa, koma tsiku ndi tsiku kwa zaka, ayironi akupita. Pambuyo pake zimafika ku impso, ndipo kwa atsikana zimawononga njira ya chiberekero. Sindingakuuzeni kuti musalowe m'madzi. Mpunga suwokeredwa uli pamtunda. Koma mankhwala a praziquantel akabwera kusukulu, aja amakuyezani msinkhu pandodo, musathawire kuthengo. Idyani kaye nsima kapena phala, chifukwa ndi pamimba yopanda kanthu pomwe amazunguza mutu kwambiri. Ndipo musakodzere m'madzi, pakuti ndimo mazira amapezera nkhono. Njoka zam'mimba zoyamwa magazi nazo zimalowera kuphazi pa dothi lonyowa pamene anthu adzithandizirapo. Chimbudzi ndi nsapato ndiwo mankhwala ake oyamba.

Atsikana, inu mumataya magazi mwezi ndi mwezi, choncho thupi lanu limafuna ayironi woposa wa alongo anu, ngakhale kuti pambale ya ndiwo iwo ndiwo amapatsidwa nthuli yaikulu. Mayi akaima, magazi ake amayenera kuwonjezeka pafupifupi ndi theka kuti akwanire anthu awiri. Mtsikana wa zaka 14 amene thupi lake likadakulabe, malungo ndi likodzo zamudya kale, akatenga pakati amafika tsiku lochira alibe magazi apadera. Kutaya kumene mayi wamphamvu akadapirira, iye kumamutenga. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto pothetsa maukwati a ana m'dera lino ankanena kwambiri za sukulu, koma adapulumutsanso miyoyo ya atsikana amene akadafera pobereka. Malamulo a dziko lino, kuyambira mu 2017, salola ukwati munthu asanakwane zaka 18. Nthawi yanu ikadzakwana mudzayambe sikelo msanga, mapiritsi owonjezera magazi mudzamwe ngakhale amadetsa chimbudzi ndi kuchititsa nseru, ndipo Fansidar woteteza ku malungo musadzamubise pansi pa lilime n'kukamulavula kuseri.

Za zakudya ndinena mwachidule, poti zili pakhomo panu. Usipa ndi matemba odyera kumodzi ndi mitu yomwe, chiwindi, nyemba, khobwe, bonongwe, chisoso, khwanya. Mukadya zamasamba, tsatizani bwemba, malambe, gwafa kapena mango, chifukwa zowawasa zimathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi womwera pa chakudya amachita zosiyana. Zakumwa zofiira za m'botolo zimene anthu amagulira wodwala siziwonjeza magazi. N'zofiira chabe. Pali ana ena amene amachepa magazi kawirikawiri, maso achikasu, mafupa kuwawa, ngakhale akudya bwino. Kawayezetseni siko selo. Ndi nthenda yotengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, imene imapinda maselo ofiira mpaka kutseka timitsempha, ndipo palibe azakhali amene adawalodza.

Tikwereko kumtunda. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe boma la Dedza lili cha pa 1,600. Wokankha njinga ya nsomba pa chitunda cha Khwekhwelele mtima wake umapopa kanayi kuposa ali khale, ndipo ndi pachitunda chotero pomwe wochepa magazi amadzidziwira: chizungulire, mtima phaphapha, miyendo zii. Koma choopsa chenicheni cha kumtunda kwa ife ana a kotentha ndi chisanu cha Juni ndi Julaye. Mwapita kukagulitsa malonda kapena kukaphunzira, mwachita lendi kachipinda kopanda zenera, usiku kwazizira, mwalowetsa mbaula n'kutseka chitseko, pansi pake n'kutsekapo chiguduli. Makala akamanyeka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa kaboni monokisaidi. Alibe fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa. Himogulobini imamugwira mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndipo ikamugwira simutaya msanga. Magazi amakhala okwanira, akuzungulira bwinobwino, koma asenza poizoni. Munthu amayamba kumva mutu, nseru, kufooka, tulo tokoma, osadzukanso. Nkhani za anthu opezeka atafa onse m'nyumba yokhoma m'nyengo yozizira mumazimva pawailesi, ndipo kumudzi zimasanduka za ufiti. Mbaula igone panja. Mukapeza anthu ali chikomokere m'chipinda chotero, tsekulani zonse, atulutsireni kunja, muthamangire nawo kuchipatala kumene kuli okosijeni. Utsi wa fodya ulinso ndi mpweya womwewu, pang'onopang'ono.

Za kuthamanga kwa magazi mudzati n'za agogo. Kafukufuku wa mu 2009 adapeza kuti m'dziko muno munthu wamkulu mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera, ndipo mwa iwo oposa asanu ndi anayi pa khumi sankadziwa. Siipweteka, imangolimbitsa mitsempha ndi kutopetsa mtima mwakachetechete, mpaka tsiku lina mtsempha wa m'ubongo waphulika kapena watsekeka, munthu wagwa m'munda, mkono ndi mwendo zafa, kamwa lapotoka. Pamenepo mudzi umati wamenyedwa hamala, n'kuyamba kusakana. Inu amene mwapita kusukulu, tengani makolo anu akayezetse akadali oyenda okha, ndipo chepetsani dzanja pa mchere. Nsomba zouma zambiri zimabwera ndi mchere wake kale.

Chotsala n'chimene chimandivuta kwambiri kukambirana ndi a msinkhu wanga, n'chifukwa chake ndabwera nacho kwa inu. Magazi alibe fakitale. Amene amaikidwa mwa mwana wa malungo, mwa mayi wotaya magazi pochira, mwa wakabaza amene wawombedwa pa msewu wa M5, amachokera m'mkono mwa munthu wina. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service lidakhazikitsidwa mu 2003, ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi ku Balaka. Ambiri amene amapereka ndi ana a sukulu za sekondale, kotero sukulu zikatsekera, nkhokwe zimaphwa. Tsoka lake, tchuthi cha Khirisimasi chimakumanizana ndi mvula, nthawi imene malungo amachuluka. Magazi osungidwa sapitirira milungu isanu ndi umodzi, choncho simunganene kuti tidapereka kale chaka chatha.

Ndikudziwa zimene mudamva. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa adaphedwa, ndipo ogwira ntchito zachipatala ankaopa kulowa m'midzi atanyamula zida zawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adapezeka atapopedwa magazi. Koma mantha aja sadathe, ndipo ndidaonapo ndi maso anga abale athunthu atakhala pakhonde la chipatala, atauzidwa kuti mwana akufunika magazi, aliyense akuyang'ana pansi: uyu akuti ali ndi chizungulire, uyo akuti mpingo wake suloleza, winayo wapita kukagula nthochi osabweranso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zoona zake n'izi. Amatenga mamililita 450, osafika ndi gawo limodzi mwa khumi a magazi a munthu wamkulu. Asanatenge amakuyezani kulemera ndi kuchuluka kwa himogulobini, ndipo mukapezeka ochepa amakubwezani. Singano ndi yatsopano, imagwira ntchito kamodzi. Madzi a m'magazi amabwerera pa tsiku limodzi kapena awiri, maselo ofiira pa milungu ingapo. Mnyamata akhoza kuperekanso pakatha miyezi itatu, mtsikana inayi. Mphamvu za m'munda sizitha, za m'banja sizitha. Mumadziwirapo ndi gulu la magazi anu, kaya A, B, AB kapena O, chinthu chothandiza tsiku la ngozi.

Choncho galimoto ya otolera magazi ikadzaima pasukulu panu, patchalitchi kapena pamsika wa Golomoti, inu amene mwakwanitsa zaka 16 ndipo muli bwino m'thupi, idyani kaye, imwani madzi, mukaime pamzere, ndipo muwauze makolo anu poyera kumene mukupita ndi chifukwa chake. Amene simunafike msinkhuwo, ntchito yanu ndi ya madzulo ano: kamangeni masikito pamene pagona ang'ono anu, ndipo muwayang'ane zikhato.